Tsiku limene ndinadula mzungu khosi pa TV

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa pafoni nyimbo yakale ya azungu, woimbayo mutu wokha ukuyandama, thupi palibe. Ndinakuwa, "Chotsa! Ameneyo ndimamudziwa ine!"

Ndili kamwana, amayi ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Yeoville. Ine ankandibisa m'kachipinda kakuseri, chifukwa adona sankalola ana. Tsiku lina adona atachoka, ndinazembera pabalaza n'kudina kabatani ka TV. Mayo ine! Mutu wa munthu uwo, tsitsi lili njo, milomo yofiira, ukuimba. Kenako mitu inayi! Ndinati basi, ndamudula khosi ndine. Ndinavundikira TV ndi chitenje, koma kunsi kwa chitenjeko akuimbabe.

Amayi analowa ndi tsache. "Iwe! Wakhudza chiyani?"

"Amayi, ndapha mzungu!"

Pomwepo geti kweee, galimoto ya adona! Amayi anazimitsa, kulanda chitenje, n'kundiponya m'dengu la zochapa. Ndili mu fungo la masokosi a abwana, ndikumva adona akuitana amayi ndi timawu tawo ta m'mphuno: "Esitaaa, TV yatentha bwanji?"

"Ndinaigunda popukuta fumbi n'kuyaka, adona."

M'dengumo ine ndinkalirira mzungu wanga wopanda thupi. Amayi ndi amene ankadziwa kuti adona akangovundukula dengulo, ntchito yatha, ndi pogona pomwe.