Kachasu wa Nsembe ndi Mwendo wa Selemani

Chizindikiro choyamba chinali manja. Linali Lachisanu la m'mwezi wa Mayu, tsiku limene sitilowa m'maenje a golide, timangotsuka dothi kumtsinje. Ndinaona mbale ikugwedezeka m'manja mwanga, madzi n'kumatayika pamodzi ndi timchenga timene tinavutikira sabata yathunthu. Ndinati ndi kuzizira. Dzuwa linakwera, anzanga anavula majekete, koma ine manja osaleka.

Ndifotokoze kaye ntchito yanga. Kumigodi ya kufupi ndi Fingoe okumba ambiri ndi alendo, ena a ku Nampula, ena a ku Zambezia. Ine ndine mwana wa konkuno. Ndinabadwira ku Zambia kumene makolo anathawira nkhondo, koma manda a azigogo ali m'dziko lino. Tsono mwambo wake ndi wakuti m'mawa, munthu asanalowe m'dzenje, mwana wa eni nthaka athire kachasu pakamwa pa dzenjelo, atchule makolo, kenaka amwe wotsala m'kapu, chifukwa nsembe imene wothirayo sailawa amati ndi yachinyengo. Poyamba ndinkathirira dzenje la gulu lathu lokha. Itamveka mbiri yoti dzanja langa ndi lamwayi, maenje anafika asanu ndi awiri. Dzuwa likamatuluka ndinkakhala nditamwa kale makapu onsewo, koma sindinkadziyesa chidakwa ngakhale pang'ono. Ndinkati ndili pa ntchito ya makolo.

Loweruka lake ndinathira nsembe, ndinamwa, manja anangoti zii. Apo m'pamene ndinasokerera. Ndinaganiza kuti makolo amakwiya ndikapanda kuwathirira, choncho ndinayamba kuthira ndi Lachisanu lomwe, kuseri kwa nyumba. Mu Junyu ndinayamba kusanza m'mawa. Mu Julayi chakudya chinandikana, thukuta linkangotuluka kukuzizira, ndipo mkazi wanga anati maso anga achita chikasu, ndipite ku ospitale. Ndinamuyankha mwamwano kuti za mizimu sazibaya jakisoni.

Mu Agosto ndinali pa chingwe, ndikutsitsa Selemani m'dzenje. Selemani ndi Msilamu wa ku Nampula, munthu amene mowa sanaulawepo chibadwire. Chingwe chinandipulumuka ali pakati. Mwendo wake unathyoka pawiri, ndipo madzulo omwewo apolisi ananditengera ku Fingoe. Onse ankati ndikupita kukadeya, ndende ya ku Tete, kwa zaka, ndipo inenso ndinkadziwa kuti ndiyenera kutero.

M'chitokosi munalibe kachasu. Tsiku lachiwiri ndinkanjenjemera thupi lonse. Tsiku lachitatu ndinaona nyerere zikutuluka m'khoma, kenaka ndinagwa, n'kudziluma lilime. Anzanga a m'menemo anati makolo abwera kudzatenga zawo, ndipo mmodzi analangiza mkazi wanga kuti abweretse kachasu m'botolo la madzi. Akanabweretsa ndikanakhala bwino kwa tsiku limodzi, n'kukhulupirira kwambiri.

M'mawa umenewo kunabwera Dona Ernestina, adivogado amene boma limapereka kwa anthu opanda woyankhulira pa mlandu. Ndinkayembekeza kuti afunsa za chingwe. Iwo anayang'ana manja anga nati, "Bambo, kapu yoyamba mumamwa nthawi yanji? Nanga munakhalako liti masiku awiri osamwa?" Ndinadabwa, chifukwa mafunso amenewa sindinkawaona kugwirizana ndi mlandu. Analembera kalata juwizi, woweruza wa kutribunale, ndipo masana omwewo ananditengera ku ospitale, wapolisi ali pambali.

Ndinagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Anandiika botolo la madzi pamkono, jakisoni wa mavitamini m'mawa, ndi mapiritsi oziziritsa thupi amene ankachepetsa pang'onopang'ono. Tsiku lililonse enfermeyiro, namwino wa pamenepo, ankandiuza kuti nditambasule manja, n'kuikapo pepala kuti aone mmene likugwedezekera. Ine pepalalo ndinkaliyang'ana ngati mlimi woyang'ana mitambo. Magazi anga anawatumiza ku Tete, ndipo yankho linatenga masabata awiri: chiwindi chinali chotupa koma chisanafe.

Ndinamuvutitsa enfermeyiroyo ndi mafunso. Ngati si mizimu, n'chifukwa chiyani manja ankaleka ndikangothira nsembe? Anaseka pang'ono nati, "Mumathira pansi, inde, koma mumathiranso m'mimba. Thupi linazolowera. Likasowa limakuwa, ndipo kulidula mowa mwadzidzidzi popanda mankhwala kumapha." Ndinakhala masiku angapo ndikulitembenuza yankho limeneli. Linandichititsa manyazi, komanso linandipepukitsa mtima.

Mlandu unalowa mu Outubro. Dona Ernestina sanakane kuti ndinalakwa. Anandiuza kale kuti bodza sakalinena. Anangopereka mapepala a ku ospitale, napempha kuti chilango chikhale chondichiza, poti kadeya yokha ikanabweza munthu yemweyo kudzenje lomwelo. Juwizi anagamula zaka ziwiri, koma anati sindilowa ngati ndisunga zitatu: kuonekera ku ospitale mwezi uliwonse ndi kubweretsa kakalata kodindidwa karimbo, kusagwiranso chingwe cha mgodi, ndi kulima munda wa Selemani mpaka atayenda bwinobwino. Ndinali ndisanamvepo kuti khoti lingalamule munthu kumwa mankhwala. Ndinkayesa limangodziwa kutsekera.

Kuchokera kwathu ku Malowera kukafika ku Fingoe ndi ulendo wautali pa njinga, ndipo nthawi ya dzinja umaikankha kuposa kuipalasa. Ndinkafika, kukhala pabenchi mpaka masana, kuyezedwa, kucheza ndi wa zamaganizo, kudinditsa, n'kukapereka kutribunale. Mu Fevereiro, pa maliro a malume anga, ndinamwa masiku awiri. Ndinafuna kubisa, chifukwa ndinkaona kadeya ya ku Tete ili pafupi. Dona Ernestina anati, "Mukanene nokha. Juwizi akufuna mapepala oona, osati okongola." Ndinakanena. Sananditsekere, anangolamula kuti ndizionekera kawiri pamwezi. Tsiku limenelo ndinalira panja pa tribunale, anthu akundiona.

Lero papita chaka ndi miyezi inayi ndisanalawe. Maso anayera, ndimadya bwino, ndipo ndimatha kulowetsa ulusi pasingano. Chilakolako chimabwerabe, makamaka m'mawa. Nsembe kumaenje akuthira msuweni wanga, koma ya ufa, monga ankachitira akuluakulu kachasu asanachuluke. Za makolo sindinazitaye. Ndimangodzifunsa kuti ludzu lija linali lawo kapena langa.

Amene manja anu amanjenjemera mpaka mutamwa, pitani ku ospitale sabata ino, ndipo musasiye nokha kunyumba. Amene m'bale wanu wamangidwa ali womwa tsiku ndi tsiku, uzani adivogado ndi apolisi tsiku loyamba lomwelo. Ine khoti linandichitira chifundo, koma khoti limayamba ntchito munthu atapweteka kale. Selemani amayenda ndi ndodo, ndipo m'dzenje sadzalowanso. Ndikamamulimira amandibweretsera madzi akumwa, akutsimphina. Njira yanga ya ku ospitale inadutsa pa mwendo wake. Yanu isadutse pa mwendo wa munthu.