Sipuni ya Oyilo M'bowo la Pulagi

Pagalaja amangowatchula kuti a Geji, chifukwa cha geji, kachipangizo koyezera mphamvu ya injini, kamene akhala akukasunga m'sokosi kwa zaka makumi awiri. Amanyansidwa ndi amakaniko ongotchera khutu pa boneti n'kumalosera matenda a galimoto. Iwo amachotsa mapulagi onse, n'kumanga geji pabowo limodzilimodzi, wina akupotokola kiyi. Muvi ukakwera, silindayo ili moyo. Ukakana, palibe zonyengererana. N'chifukwa chake wofuna kugula galimoto yakale amayamba wadzera kwa iwo.

Vuto lawo linali pakamwa. Akakhuta ankaphunzitsa ngakhale amene sanafunse. Tsiku lina akudya anafotokozera mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, kuti ukathira sipuni ya oyilo m'bowo la pulagi muvi n'kukwera, ndiye kuti maring'i a pisitoni anatha, oyiloyo wangomata mipata kwa kanthawi. Mlamuyo, munthu wosamva za mnzake chibadwire, tsiku limenelo anasiya kutafuna.

Patatha mwezi mlamu uja anatulukira ndi galimoto yake ikukokedwa pa chingwe, ati batire yafooka. Anabwera ndi namwino wa chipatala chakutali amene ankafuna kuigula kuti asamachedwe kuntchito.

"Alamu, tayezani mayiwa adzionere okha," anatero mlamuyo. "Akuti sagula popanda mawu anu."

A Geji anaikamo batire yawo n'kuyeza. Masilinda anayi onse muvi unakwera bwinobwino, pa galimoto imene iwo ankaidziwa kuti imalephera ndi kachitunda ka kumsika komwe. Atamasula geji, nsonga ya paipi inali noninoni. Ananunkhiza: oyilo wa giyabokosi, wokhuthala, wa fungo la mazira owola uja. Apo anazindikira chifukwa chake galimoto inabwera pa chingwe: mlamu anali atathira oyiloyo m'mabowo a mapulagi, ndipo sanafune kuti apse. Munthu wadya m'mbale mwawo, watola nzeru yawo, lero wabwera kudzabwereka dzina lawo kuti apusitsire mayi wosalakwa.

"Zili bwino eti, bambo?" anafunsa namwino.

Mlamu anawatsinzinira diso. A Geji anaganizira akazi awo, amene m'bale wawo wotsala ndi yemweyu basi. Kenaka anabwezera mapulagi n'kuliza injini. Utsi wabuluu unadzaza galaja yonse, mpaka wowotcherera zitsulo wa chipinda choyandikana nacho anatuluka akutsokomola. Oyilo uja atapsa, anayezanso. Muvi sunafike ndi theka lomwe.

"Mayi, injiniyi inatha. Musagule."

Namwino anathokoza n'kumapita. Mlamu sanakalipe, anangoti, "Ndiye nkhaniyi mukamufotokozere nokha mlongo wangayo."

Anakafotokozadi. Akazi awo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anangofunsa kuti anaphunzitsa achimwene awo za oyiloyo ndani. Mpaka lero mlamu sapondanso pakhomopo, ndipo a Geji amadya ali chete.