Nkhata Yomaliza ya Genowefa

Genowefa anasenza nkhata ya tirigu koyamba akadali mtsikana, chifukwa m'mudzi monse munalibe womuposa podula tirigu ndi zenga. Mwambo wa Dozhinki, chikondwerero chotsekera kukolola, umatero: ngala zotsiriza m'munda amazidula ndi manja, amaluka nazo nkhata, ndipo mkazi wakhama kuposa onse ndiye amaisenza.

Masiku a agogo ake nkhatayo inkapita kukhonde la mwini minda, bwana amene chibadwire sanagwirepo zenga. Mabwana atatha, inayamba kupita kutchalitchi. Chimene sichinasinthe n'chakuti ansembe akaidalitsa, njere zake ndizo zimayamba kugwa m'nthaka pofesa. Choncho tirigu wa kwa Genowefa chaka chilichonse ankabadwa ku nkhata ya chaka chapitacho, ndipo ngakhale nkhondo sinadule mzerewo.

Chaka chimene mwamuna wake Waclaw anamwalira, mwana wawo Leszek anabwera kuchokera kumzinda wa Bialystok kudzakolola ndi makina obwereka.

"Pangodya paja undisiyire ngala za nkhata, wamva?" anatero Genowefa.

"Ndamva, Amayi. Aka n'kachisanu mukunena."

Kumva anamvadi, koma atakwera pamakina foni ili kukhutu, anameta munda wonse mpala. Genowefa anakhala masiku awiri akutola ngala zogwa m'ziputu, naluka kankhata kochititsa manyazi.

"Mnzanga, iyi ndi nkhata kapena chisa cha mpheta?" anafunsa Jadwiga, mnzake wa kwaya, pakhomo la tchalitchi.

Genowefa anaseka nawo, mtima ukumuwawa.

Misa itatha, Leszek anaima pafupi ndi galimoto akukanda m'mutu.

"Amayi, mbewuyo musavutike nayo. Munda ndinagulitsa. Wogulayo akudzalamo mitengo."

"Wagulitsa munda wa bambo ako?"

"Nanga alime ndani? Inu, ndi mawondo amenewo?"

Mwanayo sanali kunama, ndipo n'chimene chinamupweteka Genowefa kwambiri. Analira yekha m'khitchini, nkhata ili pamiyendo.

Kumapeto kwa Seputembala, anzake atayamba kufesa, Genowefa anapukusa njere za m'nkhata muja. Zinangodzaza dzanja limodzi. Anazimanga mu epuloni, nadutsa munda uja osacheuka, mpaka kumanda. Anagwada movutikira pamtumbira wa Waclaw, napalasa dothi ndi zala, nafesa.

"Mbalame uziingitsa wekha, mwamuna wanga," anatero. "Munda umene watitsalira ndi uno."