Tayala la Sipeya Lisakhale Pansi

Chaka chimene fodya anatikomera, amuna anga anaganiza zogula pikapu yatsopano. Tinali ndi chigayo ndi kagolosale kufupi ndi Chisepo, ndipo zobwereka malole a anthu zinali zitatifika pakhosi. Masiku amenewo galimoto yatsopano sunkangolowa n'kutuluka nayo ngati ukugula ndowa ayi. Unkapita ku Lilongwe, kukampani yogulitsa magalimoto, n'kunena zonse zimene ukufuna kuti akuikire, kenako n'kubwerera kwanu kukadikira miyezi ingapo. Zimene wanena tsiku limenelo ndi zomwezo, ukalakwitsa walakwitsa.

Nditamva za ulendowo ndinati nane ndipita nawo. Amuna anga anaseka, ati kodi mukufuna mukaphunzire udalaivala? Apongozi anga aakazi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti munthu mmene ndinalilimo sagwedezeka pa basi, komanso nkhani za galimoto n'za amuna. Ndinali ndi pakati, mimba isanayambe kuonekera kwenikweni, ndipo mwa kuwerengera kwanga mwanayo anali wodzabadwa dzinja lili pakati, nthawi imene misewu ya kwathu imasanduka phala. Ndinawamvera nditagwada, ndinawathokoza. M'mawa mwake ndinavala diresi langa lalitali, khadi la chipani m'kachikwama poti popanda ilo basi sukanaikwera, ndipo amuna anga potuluka anandipeza ndaima kale pamsewu. Ine kuuma mutu ndinabadwa nako, sindibisa.

Koma ulendo uno sikunali kuuma mutu chabe. Zaka ziwiri m'mbuyomo ndinali ndi mimba ina, yoyamba. Matenda atayamba tinabwereka lole ya wamalonda wina kuti itifikitse kuchipatala ku Dowa. Kunali masana, mvula itagwa sabata yonse osapuma. Tikukwera chitunda china tayala lakumbuyo linaphwa, lole n'kutsetsereka kulowa m'ngalande, n'kukhala pamimba m'matope. Tayala la sipeya linalipo, inde, koma linali lomangidwa pansi pa lole ndi tcheni, ndipo pansi pakepo ndi pamene panali m'matopemo. Amuna anga ndi dalaivala anabwereka makasu pamudzi wapafupi n'kuyamba kukumba, ena akubwera kudzathandiza. Ine ndinali pamwamba, pansi pa lona, ndi apongozi ndi amayi ena awiri. Ndinkamva makasu akugunda pansi panga. Pamene ankalitulutsa tayalalo, nalonso lili lopanda mpweya wokwanira, mwana anali atabadwa kale. Sanalire.

Kwathu mwana wotere timati mtayo. Amakamuika ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo, ndipo amuna sayandikirako. Mayi wake amauzidwa kuti asalire, ati kulira kumatsekera njira ena obwera m'mbuyo. Amuna anga anangouzidwa mawu amodzi, kuti zalephereka. Sanafunse chilichonse, poti mwambo sunkawalola, nanenso sindinanene kanthu. Tinali anthu opemphera ndithu, Lamulungu lililonse kutchalitchi, koma pa zimenezi tinkatsata za makolo. Zaka ziwiri tinkadya mbale imodzi, kugona mphasa imodzi, nkhaniyo osaitchula. Mumtima mwanga mokha ndi mmene ndinalumbira kuti ine sindidzaberekeranso pamsewu chifukwa cha tayala.

Ofesi ya kukampaniko inali yonunkhira polishi, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chili pamwamba pakhoma monga zinalili paliponse. Anatilandira bambo wina wa tayi, wolankhula mofewa, amene ntchito yake inali kulemba zofuna za ogula. Amuna anga anawapatsa mpando wa patebulo, ine wanga anauika pafupi ndi chitseko. Ndinaukoka ndekha kuusendeza kutebulo, miyendo yake ikulira pasimenti. Mayi wina amene ankataipa pakona anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

Anayamba ndi mtundu. Amuna anga anasankha yoyera, ine ndinati kaya, ngakhale ikhale yamawangamawanga ngati nkhanga. Atafika pa wailesi, nkhope ya amuna anga inawala, poti ankafunitsitsa kumamvera mpira ali paulendo. Anakambirana za zitsulo zomangirapo katundu, za lona, mpaka ine kuyamba kuyasamula. Potsiriza bambo uja, ngati akungomalizitsa, anati tsopano tayala la sipeya. Anafotokoza kuti galimotoyo imabwera nalo limodzi, lomangidwa pansi ndi tcheni, ndipo anthu ambiri amangolisiya pomwepo. Wofuna, amamuwotcherera chitsulo kumbuyo, kuseri kwa mokhala dalaivala, tayala n'kumaima pamwamba. Anati alipo ena, makamaka a m'maesiteti, amene amaonjezera lachiwiri, onse awiri n'kuima pamwamba, ndipo amasankha a mano akuluakulu oyendera m'matope. Koma zimenezo, anatero, zimakweza mtengo.

Amuna anga sanaganize kawiri. Anati likhale pansi pomwepo. Ndipo ndinene zoona, zifukwa zawo sizinali zopusa. Matayala awiri oima kumbuyo amadya malo a mabelo a fodya, ndiye kuti ulendo uliwonse wa kumsika katundu wina azitsala. Anatinso tayala looneka ndi tayala lobwerekedwa: aliyense wa galimoto kuyambira ku Chisepo mpaka ku Ntchisi azidzagogoda pakhomo, ndipo akadzabwera akuluakulu a chipani kudzapempha, ndani angakane? Bambo wa tayi ankangogwedeza mutu, cholembera chili kale papepala.

Ndinatsokomola. Palibe anatembenuka. Ndinatsokomolanso, kenako ndinangolankhula. Ndinafunsa bambo uja ngati anayendapo msewu wa kwathu mwezi wa Febuluwale. Anamwetulira, ati ayi mayi, koma galimoto zimenezi n'zolimba, ndipo tayala la pansi silioneka, galimoto imaoneka yaudongo. Ndinati udongo wake ndi wa chiyani galimoto itakhala pamimba m'ngalande? Mudzalowa pansi ndinu ndi tayi wanuyo? Walira mvula walira matope, amene wafuna galimoto kumapiri kwathu afunenso matayala. Mayi wotaipa uja anabisa kuseka ndi dzanja.

Amuna anga anandiyang'ana ndi diso lija la kuti mukundichititsa manyazi.

"Mayi, zimenezi tikakambirana kunyumba."

Kunyumba! Kunyumba tikakambirana chiyani pepala litasainidwa kale? Mtima unandiwira. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mkazi satsutsa mwamuna wake pamaso pa alendo. Ndinkadziwanso kuti mimba sitchulidwa pagulu, ndipo za mtayo ndiye sizitchulidwa n'komwe, makamaka pamaso pa amuna. Ndinaziyeza zonsezo mumtima, ndinaona kuti n'zopepuka poyerekeza ndi zimene ndinanyamula. Ndinali ndi mantha, koma ndinaimirira.

"Bambo, mwana wathu anafera pamwamba pa lole inu mukukumba matope kufuna tayala la pansi. Ine makasu aja ndimawamvabe. Uyu ndanyamulayu sadzafera pamsewu. Ngati mabelo a fodya akuposa iyeyu, nenani pompano ndimve ndi makutu anga."

Makina otaipira anasiya kulira. Bambo wa tayi anayang'ana pansi ngati wataya kanthu. Ine ndinaima chomwecho, dzanja lili pamimba, misozi ikutsika, yomwe ija anandiletsa zaka ziwiri zapitazo, ndipo sindinaipukute. Amuna anga ankatembenuza chipewa chawo m'manja. Ndinkayembekeza kuti adzuka n'kutuluka, kapena andiuza kuti ndikadikire panja. Akanatero, ndinali nditatsimikiza kuti miyezi yomaliza ndikakhala kwa achemwali anga pa boma, kufupi ndi chipatala, ngakhale anthu anene kuti banja latha.

Atalankhula, mawu awo anali otsika kwambiri.

"Lembani awiri, onse apamwamba, a mano aja. Wailesiyo fufutani."

Bambo uja analemba osadzutsa mutu. Kenako anafunsa, ulendo uno akuyang'ana ine, ngati tingafunenso pampu yopopa ndi phazi ndi jeke wamkulu, poti jeke wobwera ndi galimoto ndi wa pamsewu wa tala. Ndinati lembani zonse. Ndinamuuza kuti andiwerengere zimene walemba, anawerenga, ndipo ndinamubwezanso kuti awerenge kachiwiri pa matayalapo. Mayi wotaipa anandibweretsera madzi m'kapu ya galasi.

Galimotoyo inafika mvula yoyamba itagwa kale, matayala ake awiri ali njo kumbuyo. Anthu anaiseka, ati yamera makutu. Obwereka anabweradi monga ananenera amuna anga, ndipo ine ndi amene ndinkawayankha: limodzi tengani, linalo silichoka, ngakhale mubwere ndi ndani. Tsiku langa litakwana tinadutsa msewu womwe uja m'matope omwe aja, ine maso ali pagalasi lakumbuyo kuyang'ana matayala anga. Palibe ngakhale limodzi linaphwa. Mwanayo anabadwira pabedi la chipatala, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka panja.

Koma tsiku la ku Lilongwe lija silinathere mu ofesi. Titatuluka tinayenda wapansi mpaka kudepoti, iwo patsogolo, ine pambuyo, osalankhulana. Ndinkati akwiya, ndipo ndinali wokonzeka kuti akwiye mwezi wathunthu. Tinakhala pabenchi kudikira basi ya kwathu, dzuwa likuswa mtengo, ogulitsa nthochi akutizungulira. Amuna anga anagula nthochi, anandipatsa, okha osadya. Basi itafika anthu anayamba kukankhana pakhomo, ine n'kunyamula kachikwama kanga, koma iwo sanadzuke. Anandigwira mkono, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Mayi, anali mwana wanji?"

Ndinakhalanso pansi. Zaka ziwiri zonsezo bambo ameneyu ankayenda nalo funso limeneli, wopanda woti amufunse.

"Wamkazi," ndinatero. "Anali ndi tsitsi lambiri. Makutu anali anu."

Anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope, mapewa awo akugwedezeka. Basi ija inadzaza n'kunyamuka ife tili pabenchi pomwepo. Tinakwera ya madzulo.