Kadontho ka Jenala pa Monita

Anzanga, ambiri mumandidziwa ndi zithunzi za tomato wa m'dimba langa. Lero ndilemba zina.

Fridah ndinakumana naye m'shopu ya makompyuta ku Chongwe, mu Epulo chaka chatha. Ndinalowa nditakulunga monita yakale m'chitenje.

"Ba boss, mwabweretsa maliro olo mufuna tiikonze?" anatero akuseka.

Sindinaseke.

"Yayamba kuthwanima," ndinayankha. "Nifuna ina yosewererapo magemu, iyi ipumuleko."

Monitayo inali ya mkazi wanga, Jenala. Anali ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi Chalimbana, ndipo ana a pa yunivesite ndiwo anamuikira gemu ya asilikali pa kompyuta. Lamlungu tikabwera ku Misa tinkasewera awiri. Ine maso anga ndi ofooka, kamtanda kolozera mfuti kankandisowa m'maudzu a m'gemumo, n'kumangowombera mitengo. Tsiku lina Jenala anatenga kyuteksi wake wofiira wopaka zikhadabo n'kudonthetsa pakati pa galasi.

"Lozani apa, imwe. Mitengo yakulakwirani chani?"

Patha zaka zitatu chimwalirireni. Zovala zake abale anagawana monga mwa mwambo. Monita yokha palibe anaifuna.

Fridah ntchito yake ankaidziwa.

"Osaona ukulu chabe," anatero. "Ya mafilimu na ya magemu ni zosiyana. Funsani ma hertz. Yanu iyi ili na 60, iyi apa 144. Yendetsani mouse muone."

Ndinayendetsa. Chithunzi chinkatsata dzanja langa osadumpha.

Kenaka anasandutsa galasi lonse kukhala loyera, kenaka lakuda, n'kuliyang'anitsitsa pafupi.

"Nisakila ma dead pixel. Monita ya kadontho osagula, olo bakutsitsileni mtengo."

Apo m'pamene anaona kadontho ka pa yanga, natambasula chikhadabo kuti akakande. Ndinamugwira dzanja.

"Osakanda."

Ndinamuuza zonse, ndili chiimire m'shopu momwemo. Nkhani ya kadonthoyo ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amayi anga. Dzanja lake sanalichotse m'langa.

"Sorry ba Lyford... sininadziwe."

Anandisankhira ya mainchesi 24, poti tebulo langa ndi laling'ono. Anandionetsanso batani lina kumbuyo kwake.

"Iyi ili na kadontho kake. Mukatinika apa kabwera, mukatinikanso kayenda."

Loweruka anabwera kunyumba kudzailumikiza, ngakhale ndikanatha ndekha. Pa gemu ija anandigonjetsa kasanu. Loweruka linalo anabweranso, atanyamula mabanzi. Ankatsika minibasi pa siteji ya Chalimbana n'kundiimbira foni: "Alimi, bwerani mutenge katundu wanu." Anaphunzira kusankha tomato woika m'mabokosi, uku akudandaula kuti zikhadabo zatha. M'nyumba mwanga munamvekanso kuseka. Pofika Okutobala ndinali nditauza amalume kuti akonzeke, pali kwina koti akandigogodere.

Monita yakale inali pa shelefu, yofunditsidwa chitenje chija. M'mawa uliwonse ndinkavundukula pang'ono, kuona kadontho, n'kupita kudimba. Sindinkabisa.

Tsiku lina Fridah anandifunsa: "Kansi mu nyumba muno tizankala bangati?"

"Awiri."

"Nimaona monga atatu."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala zake zija. Kumeneko ndinalakwa, ndikuvomera.

Mu Novembala ndinapita ku Kanakantapa kukagula mbande. Ndinamusiyira kiyi. Pobwera masana ndinapeza pakhomo posesedwa, zinyalala zikufuka utsi kudzala. Nditalowa ndinamva fungo lija la mankhwala ochotsera kyuteksi.

Monita ya Jenala inali pa tebulo. Galasi lili mbee, lopanda kalikonse.

"Nakuthandizani," anatero Fridah, ali chiimire pa khomo la kukhitchini. "Mweka simukanakwanisa."

"Unadziwa kuti ni chani."

"Ninadziwa, ee. Ndiye chifukwa chake."

"Ninakuuza iwe weka, Fridah."

"Ni penti chabe, Lyford! Tsiku lija munanigwira kwanja ninaganiza kuti mwagwira ine. Kansi munali kuteteza kadontho."

Ndinamufunsa za thonje lomwe anapukutira. Analoza kudzala.

Ndinapita kukafukula ndi kamtengo. Munali phulusa lokha.

Sindinakalipe, si khalidwe langa. Ndinapempha kiyi wanga, n'kumuperekeza ku siteji. Tinadikira pamenepo mphindi makumi awiri. Minibasi itafika anati, "Muzakalamba na wakufa." Ndinamutsekera chitseko.

Ena mwa inu mudzati ananena zoona, kuti mkazi wamoyo sangapikisane ndi wa kumanda. Mwina. Akanandipempha, mwina tsiku lina ndikanakapukuta ndekha, ndi dzanja langa, iye atakhala pambali panga. Koma anadikira nditachoka.

Amalume ndinawauza kuti asite jekete ya ntchito zina.

Monita yatsopano ilibe vuto, pamenepo sanandinamize. Amene mufuna kugula, funsani ma hertz, yesani choyera ndi chakuda monga anandiphunzitsira. Koma munthu amene mwamuonetsa pomwe pamakupwetekani, muyambe mwaona chimene akuchita napo musanamupatse kiyi.

Lamlungu lapitali ndinatinika batani lija. Kadontho kanabwera, kofiira, pakati penipeni. Ka Jenala sikanali pakati. Kanapendekera kumanzere pang'ono, chifukwa podonthetsa ankaseka, ndipo dzanja langa linazolowera pamenepo.

Tsopano ndikawombera ndimaphonya. Ndayambanso kupha mitengo, anzanga, ndipo palibe wondifunsa kuti yandilakwira chiyani.