Nyimbo ya Tadala

Nditauza mkazi wanga kuti ndapeza ntchito yaulonda ku Dubai, sanatsutse. Amene anatsutsa ndi mwana wathu Tadala, yemwe anali atangolowa timu ya mpira wamanja kusukulu. Ndinamuuza kuti mpira sulipira fizi, ndipo ndinanyamuka mtima uli m'malo.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, pa chimenecho palibe angandinene. Koma pafoni Tadala ankangoti "eya" ndi "ayi", kenako n'kupatsira amayi ake. Zinkandiwawa, ngakhale sindinkauza munthu.

Korona itabwera, hotela yathu ku Al Garhoud inangoti zii. Munatsala alendo ochepa osowa ndege yobwerera kwawo, mmodzi wa iwo bambo Yun a ku Korea. Tsiku lina masana abwana anandituma kukawaletsa phokoso. Ndinawapeza okhaokha m'chipinda, akuimba ndi kuwombanitsa tindodo tapulasitiki patsogolo pa laputopu. Ankaonera besibo ya kwawo, mpira womenya ndi ndodo uja. M'bwalomo munalibe anthu, pamipando anakhazikapo zidole, koma iwo thukuta lili kamukamu.

M'Chingerezi chathu chothyokathyoka anandifotokozera kuti kwawo wosewera aliyense ali ndi nyimbo yakeyake, ndipo akatenga ndodo bwalo lonse limamuimbira, ngakhale timu ikuluza. Ndinawafunsa kuti akuimbiranji munthu woti sakuwamva.

"Amadziwa kuti ndikuimba," anatero. "Yalla, tiye, khala pansi."

Sindinakhale, ndinali pa ntchito, koma phokosolo sindinaliletse. Kuyambira pamenepo, m'basi yobwerera ku Sonapur, komwe antchitofe tinkagona, ndinkapeka nyimbo ya Tadala kuseri kwa masiki. Ndinkadzitama mumtima kuti ndidzafika ndi chinthu chimene kwathu sanachionepo.

Nditabwerera ku Zomba patatha zaka zitatu, Loweruka loyamba ndinathamangira kubwalo la sukulu, nyimbo ili kukhosi. Tadala atangolandira mpira pansi pa golo, amayi ndi ana asukulu anayamba kuwomba m'manja, n'kuyambitsa nyimbo ya dzina lake. Aliyense ankaidziwa, ngakhale wogulitsa zitumbuwa. Wosaidziwa ndinali ine ndekha, bambo wake. Manyazi anandigwira.

Yangayo ndinaimeza. Ndinapempha mayi wina kuti andiphunzitse mawu ake, ndipo pofika chigawo chomaliza ndinkaimba mokweza kuposa onse, molakwitsa ndithu. Tadala anacheuka kamodzi.

Pobwerera kunyumba anandipatsa nsapato zake kuti ndimunyamulire.

"Adadi, mumaphonya poyambira," anatero. "Mubwerenso Loweruka likubwerali, mudzaidziwa."