Nkhuku Inafungatira pa Legyuleta

Linali Lachisanu cha m'ma teni m'mawa, m'nyengo yotentha, pamene motoka ya agogo anga aamuna inatsokomola pabwalo pathu ku Chinzombo, n'kulavula utsi wakuda umene unadetsa zovala zonse zimene ndinali nditangoyanika. Mpaka lero ndikamva fungo la petulo wosapsa bwino ndimawaona agogo atawerama pa injini, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya, thukuta likudontha pamphuno pawo.

Motokayo anawasiyira mwini loji yogona alendo kumene anagwira ntchito ya umakaniko mpaka kukalamba. Inali yakalekale, ya ku Jeremani, ndipo ankanyadira kuti ilibe kabuleta, petulo amachita kupopedwa mwamphamvu n'kulowa mu injini kudzera m'timibowo totchedwa mainjekita. Tsikulo anamasula kachitsulo konga kachitini ka fodya wamphuno.

"Legyuleta yafa," anatero. "Ndiyo imaletsa petulo kusefukira. Mphira wake wam'kati wang'ambika."

Vuto linali lakuti anali atalonjeza ambuya, akazi awo, kuti awatengera ku Chipata kukaona mng'ono wa ambuyawo, Esinala, amene ankadwala. Ambuya anali ndi miyendo yotupa, sakanatha kukwera lole, ndipo mvula ikangogwa msewu wathu unkasanduka phala.

"Bambo a Yona, chitsulo chanuchi chidzandifikitsa, kapena Esinala ndikamuone ali m'bokosi?" anafunsa ambuya.

"Mufika, amake Yona. Mpando wakutsogolo ndi wanu."

Agogo anauza aliyense kuti akufuna legyuleta, ndipo anthu anathandizadi. Ophika a ku loji anabweretsa ya pa botolo la gasi. Aphunzitsi ochokera ku Kasama anamasula ya sola kunyumba kwawo. Agogo ankaomba m'manja, n'kunena mwaulemu kuti, "Zikomo kwambiri, koma motoka yangayi siphika, komanso sidya dzuwa." Dalaivala wina anapita ndi yakufayo m'masitolo a ku Chipata, koma ogulitsa anangoitembenuza uku akuseka, amvekere zoterezi zinatha kale.

Kenako wogulitsa nsomba anatiuza kuti ku Mnkhanya, kuseri kwa nyumba ya amai Mwale, kuli motoka yofanana ndi yathu. Tinanyamuka ndi agogo pa njinga, ine pakaliyala. Tinaipezadi, yopanda mateyala, boneti itachirikizidwa ndi mtengo. Legyuleta inalimo, manambala ake ofanana ndendende ndi yathu. Koma pa injini penipeni panali chisa, ndipo nkhuku yofiira inali itafungatira mazira, mchira wake utaphimba theka la kachitsuloko.

"Tengani, achimwene, ine sindidya zitsulo," anatero amai Mwale. "Koma nkhuku yangayo musaisunthe mpaka iswe. Ikanyanyala mazira, mudzafungatira ndinu."

Agogo anayesa kulowetsa sipanala mwakachetechete. Nkhuku inawajompha pachala, amai Mwale n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Kuyambira pamenepo agogo ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kukaiona nkhukuyo, atanyamula gaga m'thumba. Akabwerako, ambuya ankawafunsa, "Nanga mkazi mnzanga wadzuka bwanji?" Tinkaseka, koma madzulo mitambo inkasonkhana chakum'mawa, ndipo ndinkawaona ambuya akuiyang'ana nthawi yaitali.

Tsiku limene anapiye anatuluka, agogo anabwera akuimba belu la njinga kuyambira kutali, legyuleta ija ili m'thumba. Anaika kapaipi ka legyuleta pakamwa n'kuyamwa, lilime linakakamira, iwo n'kulumpha ngati mwana. "Mphira ndi wamoyo!" Anaimangirira, anatembenuza kiyi, injini inalira mosalala, utsi osaoneka.

Tinanyamuka m'mawa mwake, ambuya atakhala kutsogolo ndi duku latsopano, ine kumbuyo nditagwira dengu la mango. Agogo Esinala tinawapeza ali pamphasa, ataonda, koma atawaona akulu awo anadzuka okha. Awiriwo anacheza atagwirana manja mpaka dzuwa kupendeka, akukangana za amene anaswa mtsuko wa amayi awo ali atsikana. Pobwerera mvula yoyamba inatipeza tikulowa pakhomo. Agogo Esinala anamwalira m'dzinja lomwelo.

Agogo ndi ambuya anamwalira kale, ndipo chaka chatha ndinaika mwamuna wanga m'manda. Ndimachapa zovala ku loji, ndikulera ana. Mng'ono wanga anakwatiwa ku Petauke. Ndikalandira tchuthi ndimakwera minibasi kukamuona, osadikira kuti adwale.